Nsalu Imene Inandigwira Dzanja

Zaka makumi atatu ndi zinayi
ndakhala pakhonde ili ku Linga
ndikulamula nsalu.
Ndikati pindika, imapindika.
Ndikailemba ndi choko, siyankha.
Ndadula biriwita, ndadula kaki wa ana asukulu,
ndadula bafuta wa amene sabwereranso,
ndipo palibe inandifunsapo chifukwa.

Kenako Lachitatu lina, mitambo itada cha ku Ntchisi,
dzanja lamanja linandikana.
Sizasi inagwa pasimenti.
Zala zinangoti phee pantchafu,
alendo asanu osamva chinenero changa.

Asiyatu, mwana wa mlongo wanga,
uja ndinkamutsitsira mpendero wa yunifolomu chaka ndi chaka,
anatsika minibasi ya ku Salima
atanyamula bokosi la nsapato.
M'katimo munali golovesi lotuwa,
lopepuka ngati khoko la anyezi.
Ndinalitembenuza kufuna msoko,
pakuti telala amayamba waona
pomwe mnzake anabisa mfundo.
Msoko panalibe.

Ndinafunsa, injini yake ili kuti?
Iye anaseka mpaka mpango kusendera.
Malume, ulusi womwewu ndiye khutu,
womwewu ndiye mnofu,
ndipo kuganizako kwamwazikana monsemu
ngati mchere m'ndiwo.
Ndinati ulusi umene ndikuudziwa ine
umangodziwa kuduka.

Tsiku loyamba linandifinya
ngati moni wa munthu wofuna voti.
Lachiwiri tinakangana.
Pofika Loweruka linali litandiphunzira:
ndikangolakalaka kutola batani,
kenakake kamanjenjemera pansi pa khungu la mkono,
kakang'ono koti ine mwini sindikamva,
koma ilo limakamva,
n'kutenga chala chachikulu
kukachikumanitsa ndi chamkombaphala
monga ankhoswe ayanjanitsira banja.

Batanilo linali lobiriwira, la mabowo anayi.
Ndinaligwira mpaka kumzikiti anaitana swala ya masana.

Che Rajabu wokonza njinga safuna kulikhudza,
akuti chinthu chopanda magazi
chisamadziwe zimene munthu akufuna.
Nachisale wogulitsa mpunga anabweretsa chilundu chake,
nayang'anitsitsa, nati,
akusoka ndani apa, inu kapena ilo?
Ngati ndi ilo, mtengo utsike.

Sindinamuyankhe.
Funso lomwelo limandipeza usiku
ndikalivula n'kuliika pambali pa wailesi
kuti limwe moto wa sola.
Limagona chagada, zala zili m'mwamba,
likusungabe maonekedwe a dzanja langa
kuposa mmene dzanjalo likudzikumbukira lokha.

Ine amene ndinkayeza anthu ndi tepi,
chifuwa, chiuno, phewa mpaka pachigongono,
lero ndikuyezedwa ndi chovala,
kambirimbiri ndisanaphethire n'komwe,
ndipo sichilemba kalikonse m'kope.

Sabata yatha linayamba ulesi.
Ndikafuna kukweza sizasi, limangothandiza theka,
theka linalo n'kundisiyira thukuta.
Ndinaimba foni: chinthu chako chafa.
Asiyatu anati sichinafe, malume,
chamva kuti mphamvu zanu zikubwerera,
ndiye chikubweza ntchito kwa mwini wake
pang'onopang'ono, ngati ngongole ya pagolosale.

Ndinakhala chete.
Ndaphunzitsapo anyamata asanu ndi mmodzi pakhonde pano
ndipo sindinadziwepo tsiku lochotsa dzanja langa pa lawo.
Awiri anathawa chifukwa cha zimenezo.

Lero m'mawa ndalowetsa ulusi pasingano
ulendo wachisanu ndi chinayi.
Ndapinda buluku la mphunzitsi wa ku Chombo,
mwendo wamanzere ndi wamanja.
Wamanzere waongoka ngati msewu wa ku Dwangwa.
Wamanja wakhota pang'ono chakumapeto,
pomwe golovesi linandilekera ndekha.

Mphunzitsiyo akabwera ndimuchotserako mazana awiri,
koma sindisula.
Pokhotapo ndi panga.